Chinsalu Chosakwana M'chipinda

Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, ntchito ya a Singano inali yoti isaoneke. Ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yochapa ndi kusita zovala, pakati pa makina owumitsira ndi khomo la kuchimbudzi, pansi pa zenera limene silinkatseguka. Munthu akabweretsa jekete yodyedwa ndi njenjete, kapena buluku lopsa ndi ndudu pabondo, bwana wa shopuyo ankangoponya chovalacho patebulo pawo osanena kanthu. Iwo ankachitembenuza n'kupita kumpendero wa m'kati, kumene diso la munthu silifika. Kumeneko ankasolola ulusi umodziumodzi, wa nsalu yomweyo, mtundu womwewo, wokalamba chimodzimodzi. Ndi ulusiwo ankaluka pobookapo, wina wopingasa wina woimirira, mpaka bowo litaiwalika. Kabowo kongokwana nsonga ya chala kankawadyera masiku awiri.

Mwini jekete akabwera ankaikweza m'mwamba, kuitembenuza uku ndi uku, kufunafuna. Akalephera kupeza, ankaseka n'kugwira chanza bwana. A Singano ankamva kusekako kudzera pakhoma, n'kutenga chovala china.

Dzinalo anawapatsa ndi azimayi osita. Ati munthu wake wowonda, wosalankhula, ndipo ukamukhalira mosasamala akubaya. Linawakanirira mpaka mwana wawo yemwe, ali wamng'ono, ankayesa kuti ndi dzina la pa chiphaso. Amuna awo, dalaivala wa basi, anamwalira mwanayo asanamalize pulayimale. Wachibale wina amene anatsala pafupi anali mng'ono wawo, telala wa madiresi aukwati ndi mayunifolomu, amene aliyense ankamutcha Tepi chifukwa tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwake. Ena ankalumbira kuti amasamba nayo.

Onse awiri anaphunzira kusoka kwa mayi awo, munthu amene ankayeza msoko ndi rula, ukakhota rula yomweyo n'kutera pa zala. Tepi anatengera mzere wowongokawo ndi pakamwa pomwe. A Singano anatengera kudekha.

Dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu. Poyamba inali kapu yokha, kulira pa sosala. Anasiya kumwera tiyi pagulu. Kenako singano inayamba kulowa pambali pa pamene aituma, n'kumabwereza katatu malo amodzi. Anabisa chaka chathunthu. Tsiku lina mwini suti ya buluu anatambasula jekete yake pakauntala, ndipo asanaikweze n'komwe, anaika chala pamalo pomwepo.

Bwana sanali munthu woipa. Analowa m'kachipindamo, mmene sankalowamo kawirikawiri, n'kuima pakhomo akukanda m'mutu.

"Mayi, mwatigwirira ntchito inu. Pitani mukapume." Anayang'ana uku ndi uku ngati wofuna chowapatsa, maso n'kugwera pa matumba atatu a zovala zimene eni ake sanabwere kudzatenga. "Tengani awa. Mwina mupezamo kanthu."

Dokotala naye sanazungulire. Anati mankhwala achedwetsa chabe, matendawa sabwerera m'mbuyo.

Miyezi inayi a Singano anangokhala m'chipinda chawo cha pamwamba, m'nyumba ya mabanja ambiri, manja ali pamiyendo, lina litapanikiza linzake. M'mawa wina, pofuna sanza yokolopera, anamasula thumba limodzi. Munatuluka buluku lotuwa limene analizindikira nthawi yomweyo. Analikonza okha zaka zapitazo, pantchafu yakumanzere, pamene linakodwa ndi msomali. Anapita nalo pazenera. Anafunafuna, kusisita ndi chala, kulitembenuza. Sanapeze.

Ena akanasangalala. Iwo ayi. Moyo wonse munthu kuwerama mpaka msana kupindika, ndipo ngakhale iwe mwini osatha kuloza pamene unadutsa! Anatenga sizasi n'kulidula bulukulo mopingasa. Anang'amba nsalu yachikasu ya m'kati mwa chikhoti china, n'kulumikiza ziwirizo ndi ulusi wofiira, wonenepa, wosokera mabatani. Msoko unayenda ngati munthu wochokera kumowa. Anatenga kalumo kuti aumasule. Anauyang'ana nthawi yaitali, kalumo kali m'manja, kenako anakabweza m'chitini.

Umu ndi mmene chinayambira.

M'chaka choyamba anaphunzira dzanja lawo ngati mmene munthu amaphunzirira mkwiyo wa mnzake wokhala naye nyumba imodzi. M'mawa, akangomwa mankhwala, linkagona maola awiri, ndipo ankasoka timisoko ting'onoting'ono tothithikana ngati mapazi a nyerere. Pofika masana linkayamba kusochera. Chakumadzulo linkalumpha, singano n'kumagwera kutali ndi inzake. Sanalimbane nalo ayi. Ankaligawira ntchito. Kadutswa kena ankakasunga masiku atatu, kali kobayidwa ndi mapini, kudikira dzanja la madzulo, chifukwa pamalopo pankafunika kulumpha. Nsalu zina ankadula, zina ankang'amba kuti m'mphepete mukhale manyenje. Ankaika chikhoti cholemera pafupi ndi kansalu kopepuka ka diresi logonera, dala, kuti kopepukako kakwinyike. Ulusi wotsala ankausiya ukulendewera.

Panalibe duwa, panalibe nyumba kapena mbalame. Mitundu ndi misoko basi. Ndipo anthu amatha kumukhululukira munthu zambiri, ngakhale kupenga, koma osati chinthu chopanda ntchito.

"Ndi cha chiyani?" anafunsa mayi wa chipinda choyandikana, atasuzumira pakhomo.

"Ndikungosoka."

"Ee, ndaona. Koma chofunda, choyala, kapena katani?"

Tepi ndiye sankafunsa n'komwe. Ankabwera Lachitatu lililonse ndi zipatso m'pepala, n'kukhala pampando umodzi womwe unalimo, miyendo ataikweza kuti asaponde nsalu.

"Achemwali, lole yake ifika liti yoti muifunditse?"

"Sendera uko, ukutchinga kuwala."

"Ndikubweretsereni makina anga akale aja. Mupumitse manjawa."

"Makina sadziwa kudikira."

"Hii! Mwayamba kulankhula ngati a m'buku. Idyani lalanje."

Ankaseka, koma maso ake ankakhala pa dzanja la mkulu wake, ndipo akamatsika masitepe sankaimba ngati pokwera.

Chinsalucho chinakula. Chipinda cha a Singano chinali cha mapazi atatu kuchokera pabedi kufika pakhomo. Pofika chaka chachiwiri nsalu inali itaposa bedi. Chaka chachitatu inaposa chipinda. Mbali yomalizidwa ankaikulunga pa mtengo wa katani n'kuigoneka kukhoma, iwo n'kumagona chopindika m'mphepete mwa bedi. Chimene ankaona nthawi imodzi chinali chongofika pamene mikono ifika. Zina zonse zinali m'mutu: kuti kumanzere kuja, mikono isanu kumbuyo, kuli chakuda chachikulu, ndiye kuno kufunika kupepuka. Anayesa kamodzi kuchitambasula m'khonde, koma khondelo linali lopapatiza, lonyowa ndi madzi a pampopi, ndipo zitseko zinayamba kutseguka chimodzichimodzi. Anachikulunga msangamsanga ngati wagwidwa akuba.

Chaka chachinayi maola awiri a m'mawa aja anasanduka ola limodzi. Kulowetsa ulusi pa singano kunayamba kutenga nthawi yoposa kusoka kwenikweniko. Anamaliza ngodya yotsiriza mwezi wozizira, n'kukhala pansi pafupi ndi mpukutuwo. Mamita asanu m'litali, atatu m'lifupi, ndipo mwiniwake anali asanachionepo chonse.

Mwana wawo anabwera sabata imeneyo. Anali ataphunzira kunja zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo chibwerereni sanakhazikike: ntchito zitatu, nyumba zinayi, tsopano anali mumzinda wina, ulendo wa tsiku lathunthu. Anamasula mpukutuwo pang'ono, kenako pang'ono pena, n'kugwada.

"Amayi, ichi mwachita ndinu?"

"Ayi, makoswe."

"Musaseke. Kumene ndinali, zinthu ngati izi amazikoloweka m'zipinda zikuluzikulu zoyera. Anthu amaima patsogolo pake, manja kumbuyo, osalankhula. Saloledwa n'kukhudza komwe."

"Nsalu yosakhudza ndi nsalu yanji?"

"Ichi si cha pabedi, Amayi. Chimafuna khoma. Muime patali."

A Singano sanasamale za zipinda zoyerazo kapena anthu a manja kumbuyo. Mawu awiri okha ndi amene anawalowa: kuima patali. Kamodzi kokha, maso akadali bwino, miyendo ikadatha kutsika masitepe. Aone ngati zimene anasenza m'mutu zaka zinayi zinalidi pansaluyo.

Khoma lalitali chotero linali limodzi lokha mwa onse amene ankawadziwa. Shopu ya Tepi kale inali mosungira katundu, ndipo khoma lake lakumbuyo linkafika kudenga popanda zenera. A Singano sanapemphepo kanthu kwa mng'ono wawo chimwalirireni amuna awo. Lachitatu limenelo anapempha.

"Khoma langa? Limene makasitomala amayang'ana akamayezedwa?"

"Tsiku limodzi. Lamlungu, shopu yotseka. Ndiona, uchotsa."

Tepi anazunguza tepi pa chala. "Chabwino. Koma pali mashelefu, ndipo mwezi uno maukwati andikwera pamutu. Ndipatseni masabata awiri."

Galimoto inabwera, amuna awiri anatsitsa mpukutuwo m'masitepe ngati akunyamula wodwala. Chipinda chinakula mwadzidzidzi. A Singano anapitirizabe kugona m'mphepete mwa bedi.

Masabata awiri anakwana atatu. Tepi analumpha Lachitatu kawiri, ndipo pafoni mawu ake anali otopa koma osangalala. "Dekhani, achemwali. Mudzandithokoza." Mwana uja anaimba foni kuti kuntchito amukaniza tchuthi, amujambulire chithunzi.

Lamlungu lake a Singano anavala diresi la buluu limene ankasungira masiku akuluakulu. Mabatani anawatengera theka la ola. Anakwera basi, n'kuyenda pang'onopang'ono msewu wa mashopu otseka, dzanja lili m'thumba la juzi. Tepi anawadikira pakhomo, atadzola milomo.

"Tsinzinani. Ayi, osabera! Gwirani mkono wanga. Pali sitepe apa. Eya. Imani pomwepa, msana kuchitseko. Tsegulani!"

Khoma lonse linali nsalu. Mabokosi ofanana, mizere khumi ndi iwiri, yowongoka ngati yojambula ndi rula. Zakuda zinali pansi, zotuwa pakati, zowala pamwamba, mtundu uliwonse ndi anzake. M'mphepete munali mpendero wa buluu wosita bwino. Panalibe khwinya, panalibe ulusi ndi umodzi womwe wolendewera. Chinali chofunda chokongola kwambiri, choti hotela ikhoza kuyala.

A Singano anayang'ana kukhoma, kenako kumbali, kuseri kwa matebulo.

"Nanga changa chili kuti?"

"Ndi chomwechi!" Tepi anawomba m'manja. "Simukuchizindikira? Onani chachikasu chija, uko pamwamba. Palibe kadutswa kamene ndasiya. Masabata atatu, achemwali, ndekha, nkhomaliro osadya. Kumasula kokhako masiku asanu ndi anayi. Munkamanga mfundo ngati mukumanga mbuzi, taonani zala zangazi."

Anatambasula manja. Nsonga za zala zinali zosupuka, chala chachikulu chomangidwa pulasitala.

A Singano anayenda kufika pakhoma. Anakhudza bokosi limodzi lotuwa. M'mphepete mwake munali modulidwa mwaukhondo, ndipo msoko wa makina unadutsa mosaphonya, timano tofanana tokhatokha. Anagwira mpando umene unali pafupi n'kukhala.

"Simukulankhula," anatero Tepi.

"Unachimasuliranji?"

"Achemwali..." Kumwetulira kunayamba kuzima. "Tsiku limene chinafika, atsikana anga a pamakina anamasula kangodya. Wina anati, 'Kalanga, matendawa ndi oipa.' Winayo anaseka. Inu! Munthu amene munkachititsa mabwana a m'tauni muno kuvala mabowo osadziwa! Ndikanalola bwanji kuti akuoneni choncho? Msoko uliwonse unkaonetsa dzanja lanu mmene likuchitira. Ndinati ayi, mkulu wanga sakhala choseketsa ana."

"Dzanja la madzulo ndinkachita kulidikira."

"Mwati?"

"Masiku atatu, nthawi zina anayi. Pamene panakhota, ndinkafuna pakhote."

Tepi anayang'ana khoma, n'kuyang'ana mkulu wake. Anakoka tepi m'khosi mwake n'kuikulunga m'manja, kuimasula, kuikulunganso.

"Dala?"

Kunja kunadutsa njinga yamoto, phokoso lake n'kuzimirira kumapeto kwa msewu.

"Ndimasula," Tepi anatero mofulumira. "Mawa lomwe. Ndiimitsa maukwati onse, akwatirane ndi zovala za kuntchito. Inu mukhala apa pampando, muzingondiuza kuti ichi apa, icho apo. Ndisoka pamanja. Ndikhotetsa mmene munganenere."

"Unadula m'mphepete."

"Pang'ono pokha, kuti zifanane."

"Zodulazo zili kuti?"

Tepi anayang'ana pansi. Galimoto ya zinyalala inkabwera Lachisanu.

"Ngakhale zikanakhalapo," anatero a Singano, "ndikanakuuza chiyani? Ndinkaona mkono umodzi nthawi imodzi. Za chaka choyamba zinayamba kale kundithawa. N'chifukwa chake ndinapempha khoma."

Tepi analira ngati mmene ankalirira ali mwana, pakamwa pali yasa, osabisa nkhope. A Singano anamusiya alire. Mkwiyo anaufunafuna m'chifuwa, koma anangopezamo kutopa. Anayang'ana pansi pa shopuyo, simenti yaikulu yosalala, matebulo atakankhidwira kumbali. Ndipo china chake chinawafikira.

"Iwe. Usanamasule, unachiyala?"

"Ee." Anafwenthera m'kansalu. "Pansi ponsepa. Ndimafuna ndione poyambira."

"Chonse?"

"Chonse. Ndinakwera pamakwerero apo."

"Unajambula?"

Tepi anapukusa mutu. "Ndinkachita manyazi."

"Koma unachiona."

"Ndinachiona."

"Tenga mpando. Khala apa. Ayi, fulatira khomalo." A Singano anatembenuza wawo, onse awiri n'kuyang'ana kuchitseko. "Undiuze."

"Achemwali, ine mawu a zimenezi ndilibe."

"Pakamwa ponsepo? Yamba."

Tepi anapukuta m'maso. "Chinali... chokhota."

"Kukhotera kuti?"

"Kumanja. Zonse zinkakhala ngati zikutsetsereka kupita kumanja, ngati katundu m'galimoto ikakhota mwadzidzidzi. Kumanzere kunali chakuda chachikulu chija, cha makhoti. Cholemera. Ndili pamakwerero ndinkaona ngati pansi pabooka pamenepo."

"Pitiriza."

"Kenako tofiira tija. Pafupi ndi chakudacho tinali tothithikana, ting'onoting'ono. Tikamapita uko tinkatalikirana, kutalikirana, ngati anthu akubalalika pamsonkhano. Pakati panali malo ena opanda kanthu, kotuwa kokhakokha, kokwinyika. Pamenepo sindinapakonde."

"Chifukwa?"

"Pankandiyang'ana." Tepi anaseka pang'ono, misozi ikutsikabe. "Ndinakhala pamwamba apo mpaka miyendo kuchita dzanzi. Sindinama, achemwali, ndinachita mantha. Ndinatsika n'kukatenga kalumo."

A Singano anali atatsinzina. Dzanja linkavina pamwendo pawo, ndipo sanalipanikize.

"Panali mzere woyera," anatero. "Wa makolala a malaya. Unayambira pamwamba, chaka chachiwiri. Ndinkautaya, n'kuupezanso, n'kuutayanso."

"Ndinauona. Unkalowa pansi pa zinazo n'kukatulukira patsogolo."

"Unkaoneka kuti ndi umodzi?"

"Umodzi. Diso linkautsatira lokha."

"Unafika m'mphepete?"

Tepi anaganiza. Anakweza dzanja lomangidwa pulasitala lija n'kulondola m'malere, kuchokera kumanzere, kutsika, kukwera, kutsikanso. Linaima.

"Ayi. Unalekera panjira. Panatsala chonchi." Anatambasula zala ziwiri, mpata wa chikhato chimodzi.

A Singano anatsegula maso n'kuyang'ana mpatawo.

"Ndinkaopa kuti ndinaufikitsa," anatero. "Bwerera kumanzere. Pamwamba pa chakudacho panali chiyani?"